TISHU WAKWERA MTENGO? MANGANI NOKHA KAMPOPE KOTAWASIRA

Pali nkhani zina zimene Mmalawi sakamba pagulu ngakhale atamwa mabotolo angati. Ndale timakamba, za mpira timakangana mpaka kugwirana m'makolala, koma zoti munthu akalowa m'kanyumba kakang'ono kaja amamaliza bwanji ntchito yake, aa, pamenepo aliyense amayang'ana kumbali. Lero mundikhululukire akuluakulu, ine ndalowa komweko. Amene muli pa nsima yambani mwatsiriza, nyuziyi siithawa.

Chandilankhulitsa ndi thumba. Kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo tishu naye sanafune kutsalira, anakwera limodzi ndi sopo ndi mafuta ophikira. Banja la anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo achibale obwera kudzadikira chipatala, mpukutu umodzi sugona masiku awiri. Ndiye pakati pa mwezi timaona makope akale a ana asukulu akusowa, kalendala ya chaka chatha ikuchepa masamba. Kumudzi kuli zitsononkho, kulibe vuto. Nanga m'tauni? Nyuzipepala. Inde, ndikudziwa kumene nyuzi zambiri zija zinabadwa nthawi ya riferendamu mu 1993 zinakathera, ndipo inonso sindikuinamiza kuti idzasungidwa m'kabati.

Tsoka lake ndi loti pepala la nyuzi silisungunuka m'madzi ngati tishu. M'chimbudzi chogejemula limakakhala pokhota paipi ya mainchesi 4 ija, linzake nkulipeza, mpaka tsiku limene zonse zimabwerera m'nyumba alendo ali pabalaza. Ndalama zimene munapulumutsa pa tishu mumakapereka kwa pulambala, kuwonjezapo manyazi.

Njira ina ilipo ndipo si yachilendo. Anzathu achisilamu, ku Mangochi, ku Machinga, ku Nkhotakota ndi m'matauni monse, akhala akutawasa ndi madzi kuyambira kale, ndipo mwana amakula akudziwa kuti polowa m'chimbudzi amatenga kachitini kapena kaketulo. Amwenye nawonso chimodzimodzi. Chimene ndikukamba lero ndi kungobweretsa madziwo pafupi ndi mpando, opanda kunyamula chigubu pamaso pa apongozi.

KAVALO WA AFALANSA

Azungu chipangizochi amachitcha bidet, potchula "t" wakumapetoyo samveka. Mawuwa ndi Achifalansa ndipo amatanthauza kavalo wamng'ono, chifukwa beseni loyambalo, limene linatchuka ku France m'zaka za m'ma 1700, munthu ankalikhalira chotang'adza ngati wakwera kavalo. Ku Italy anachikonda mpaka mu 1975 boma linalamula kuti nyumba ikamamangidwa bafa lake likhale nacho. Ku Japan kampani ya Toto inatulutsa mpando wamagetsi wotchedwa Washlet mu 1980, wothira madzi ofunda ndi kuumitsa ndi mphepo. Aamereka ankaseka zonsezi mpaka mu 2020 pamene Covid-19 inabwera, anthu nkukanganirana tishu m'masitolo, mashelefu mbee. Pamenepo ndi pomwe ambiri anatulukira zimene agogo a ku Mpondasi ankadziwa kale.

Beseni la Afalansa lija tiliiwale. Limafuna malo, paipi yakeyake yotulutsira madzi, kuswa simenti, ndipo si ntchito ya Loweruka masana. Mpando wamagetsi nawonso ndi wa mabwana: umafuna soketi pafupi ndi chimbudzi, ndipo magetsi a mavoti 230 ndi madzi si zinthu zoseweretsa ndi waya wolumikiza ndi selotepi. Pali kena kopyapyala komangirira pansi pa mpando, kamene kamatulutsa kamlomo kothira madzi mukapotokola batani. Nkabwino, koma mipando yathu yambiri siigwirizana nako ndipo sikapezeka wamba.

Chotsala, chimene ine ndinamanga kwathu ndipo ndamangirako abale angapo, ndi kashawa kam'manja. Aluya amakatcha shattaf, ku India amati health faucet. Ndi kamutu kokhala ndi chofinyira ngati kamfuti, paipi yofewa yotalika mita imodzi ndi pang'ono, ndi kokolekapo kake. Ndinakamanga bambo anga atabwera kudzakhala nafe miyendo ndi msana zitayamba kuvuta ndi nyamakazi. Munthu wamkulu amene analera ana asanu ndi atatu safuna kuitana mwana wake kuti adzamuthandize m'chimbudzi. Kampope kaja kanawabwezera ulemu wawo, ndipo chimenecho chokha kwa ine chinaposa za tishu zonse. Amayi amene angochira kumene, odwala nthenda ya mudzi amene pepala limawapweteka, ndi odwala sitiroko amene dzanja limodzi silikugwira, onsewa amathandizika.

POGULA MUSAPITE CHIMANJAMANJA

Musanakwere minibasi, gwadani kaye muone kuseri kwa chimbudzi chanu. Madzi amalowa bwanji m'kathanki kogejemulira? Nyumba zambiri zatsopano zili ndi kavalavu kakang'ono pakhoma, kamene apulambala amati angle valve, ndipo kuchoka pamenepo pali paipi yofewa yolukidwa ndi waya, fulekisi, yopita pansi kapena pambali pa kathanki. Ngati zanu zili choncho, mwapata. Ijambuleni pa foni, kapena masulani fulekisiyo mupite nayo. Wogulitsa m'sitolo ya hadiweya ku Limbe kapena mu Malangalanga ku Lilongwe mukangomuuza kuti "kapaipi kaja kolowa m'chimbudzi" akupatsani chimene chili pafupi ndi dzanja lake, ndipo zambiri mwa sitolozi katundu akatuluka sabwerera.

Mufunika kashawako ndi paipi yake, kachitsulo kamphanda kooneka ngati chilembo T kokhala ndi chotsekera chakechake, tepi yoyera yokulunga pa mazinga, ndi malabala apadera awiri kapena atatu chifukwa kamodzi kamagwera kuseri kwa chimbudzi nthawi zonse. T ameneyu gulani wa buraasi, wolemera m'manja. Alipo ena owala bwino koma opepuka ngati chitini cha sobo, amenewo amang'ambika mukangomanga mwamphamvu pang'ono. Ndipo ndikubwereza, akhale ndi chotsekera. Chifukwa chake muchimva kutsogoloku.

Mazinga a mipope yathu ndi a muyeso wa Chingerezi wotchedwa BSP, ndipo pachimbudzi nthawi zambiri ndi theka la inchi. Za ku South Africa ndi ku United Kingdom zimalowa bwinobwino, ndipo za ku India ndi ku Dubai nazonso nthawi zambiri sizivuta. Koma ngati muli ndi m'bale ku America amene wakutumizirani bokosi lokongola, dziwani kuti kumeneko pansi pa kathanki amagwiritsa ntchito muyeso wa 7/8 inchi. T wakeyo sangalowe pano. Musamukakamize ndi sipanala, mungoononga mazinga a kathanki. Kagulireni T wa kuno, kashawako nthawi zambiri kamagwira ntchito ndithu.

Zida ndi zochepa: shifitingi imodzi, ziwiri ngati mnansi angakubwerekeni, beseni laling'ono ndi chiguduli.

NTCHITO YAKE

Tsekani kavalavu kapakhoma popotokolera kumanja mpaka kataima. Gejemulani, ndipo gwiritsitsani chogwiriracho kuti madzi onse atuluke. Mvetserani. Ngati kathanki kakupitiriza kulira kuti sii, valavuyo siikutseka, ndiye pitani panja mukatseke pa mita, kenaka tsegulani mpope wa pasinki kuti otsala m'mapaipi atsike. Uzaninso a m'nyumba. Palibe choipa ngati mwana womvera amene waona kuti madzi asiya nkuthamanga kukatsegula pa mita inu mutagwira paipi yotsegula kumaso.

Pamitapo tsekani ndi kutsegula basi. Mita ndi paipi yochokera kumsewu ndi za a Water Board, kumasula kapena kulumikiza chilichonse madzi asanadutse pa mita ndi mlandu.

Ikani beseni pansi, masulani fulekisi pamene yagwira kavalavu kapakhoma. Madzi pang'ono atuluka, musadabwe. Anthu ambiri amamanga T pansi pa kathanki penipeni chifukwa ndi mmene zithunzi za pabokosi zimaonetsera. Ine sindikonda kutero. Kapaipi kotuluka pansi pa kathanki kawirikawiri ndi kapulasitiki, ndipo buraasi ikalowa mopendekera pa pulasitiki imadula mazinga atsopano okhota, basi kathanki kayamba kudontha mpaka mutagula zam'kati zonse. Kuwonjezera apo, nthawi iliyonse munthu akakoka kashawa amakhala akugwedeza kapulasitiki komweko. Mangani T pa valavu yachitsulo ya pakhoma, fulekisi ya kathanki ibwerere pa mlomo umodzi, paipi ya kashawa pa mlomo wokhala ndi chotsekera.

Nati iliyonse yambani ndi zala. Ikamalowa bwino imazungulira mofewa kawiri katatu. Ikalimba pa kuzungulira koyamba, yapendekera, bwezani muyambirenso. Sipanala imabwera pomaliza, ndipo pa nati yokhala ndi labala m'kati mwake mungowonjezera kota ya kuzungulira kumodzi. Amuna ambiri apa ndi pomwe timaonetsa mphamvu za nsima, nkuphwanya labala, madzi nkumadontha, ife nkumangabe. Chimatseka madzi ndi labala, osati ukali wanu.

Za tepi yoyera pali chisokonezo. Pamene pali labala tepi siifunika, ndipo mukaikapo yambiri imaletsa nati kufika pa labalayo. Tepi ndi ya pamene chitsulo chikulowa m'chitsulo popanda labala. Pokulunga, yang'anani kukamwa kwa paipi ndipo zungulizani monga umayendera muvi wa wotchi, njira yomwe nati idzalowere, maulendo asanu ndi atatu kapena khumi, mukukoka kuti ilowe m'mazinga. Mukakulunga chobwerera, nati ikamalowa imaivula nkuiunjika kunja.

Pomanga, gwirani valavu yapakhoma ndi sipanala yachiwiri kuti isazungulire nawo. Mukaipotokola ingathe kumasuka kapena kuthyoka m'kati mwa khoma, ndipo kudontha kwa m'khoma simukuona mpaka penti itayamba kutupa kuchipinda chogona.

Nanga amene muli m'nyumba zakale zija, za mapaipi achitsulo a galavanaizi olowa m'kathanki mwachindunji opanda valavu? Apa ndikulangizani mosabisa: itanani pulambala. Paipi imene yakhala zaka makumi atatu kapena anayi imakhala itadyeka ndi dzimbiri m'kati, kunja ikuoneka yamoyo. Mukaigwira ndi bobojani imathyokera pakhoma penipeni, tsiku lake nkukhala Lamulungu, masitolo otseka, banja lonse lopanda madzi. Muuzeni akuikireni valavu yapakhoma ya milomo iwiri, uliwonse ndi chotsekera chake. Zotsalazo mudzamaliza nokha.

Kokoleka kashawa kakhale kumbali imene dzanja lifika munthu atakhala, pamwamba pang'ono pa mpando. Ngati mukuboola matailosi, matani selotepi ya pepala pamalopo kuti chiboolero chisaterereke, ndipo dirilo isakhale pomenya. Musaboole molunjika pamwamba, pansi kapena pambali pa valavu, chifukwa paipi yobisika m'khoma imayenda mizere yomweyo. Osafuna kuboola, kulinso tokoleka tongopachika pamlomo pa kathanki.

Tsopano tsegulani madzi pang'onopang'ono, kashawa mutalozetsa m'chimbudzi. Katsokomola mpweya kaye, kenaka madzi. Pukutani molumikiza monse, dikirani mphindi khumi, ndipo dutsitsanipo tishu wouma. Diso limanama koma tishu sanama. Usiku woyamba siyani beseni pansi pake. Mukafuna kutsimikiza, tsekani mipope yonse m'nyumba, lembani manambala a pa mita, mukaonenso pakatha ola. Akasuntha, pena pake pakudontha.

APA NDIYE MUTCHERE KHUTU

Kumanga nkosavuta, mwana wa fomu 2 angathe. Zimene sauza ogulitsa ndi ziwiri.

Choyamba ndi chigumula. Paipi yofewa ya kashawa sinapangidwe kuti izikhala ndi mphamvu ya madzi usana ndi usiku. M'kati mwa chitsulo chonyezimira chija muli kachubu kopyapyala. Usiku anthu akagona mipope yonse m'dera imakhala yotseka ndipo mphamvu ya madzi imakwera, makamaka kwa okhala kumunsi kwa phiri. Madzi akasiya nkubweranso, amabwera ndi mpweya, akumenya mapaipi ngati nyundo. Kachubu kaja kamaphulika nthawi imeneyo, 2 koloko usiku kapena inu muli kumaliro kumudzi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti pakutuluka malita 10 pa mphindi. Pa ola ndi malita 600. Maola asanu ndi atatu ndi malita 4,800, amene ndi migolo 24 ya malita 200, yonse pakapeti ndi pa matumba a chimanga muli kusunga m'kolido. Bilu ikubwera pambuyo. Nchifukwa chake ndinati T akhale ndi chotsekera. Mukamaliza, tsekani, kenaka finyani kashawa kuti mphamvu yotsala ituluke. Lamuloli alidziwe aliyense m'nyumba, ndi wantchito yemwe.

Chachiwiri ndi choopsa kuposa kapeti yonyowa. Munaonapo dalaivala akupopa petulo m'thanki ndi kapaipi? Akangoyamwa kamodzi, mafuta amayenda okha kupita kumunsi. Mapaipi a madzi amachitanso chimodzimodzi. Madzi a mu Blantyre, mwachitsanzo, ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kupopedwa kukwera mtunda wonsewo. Mapampu akaima kapena paipi yaikulu ikaphulika, madzi a m'mapaipi a kumtunda amatsikira kumunsi, ndipo kumbuyo kwake amasiya mphamvu yoyamwa. Amene munatsegulapo mpope wouma nkumva ukukoka mpweya kuti fyoo mukudziwa chimene ndikunena. Tsopano ganizani kashawa katagwera m'madzi a m'chimbudzi, kapena mwana wakasiya m'ndowa yochapira matewera, chofinyira chake chitakanirira. Zimene zili mmenemo zimayamwidwa kulowa m'mapaipi. Madzi akabweranso, zimatulukira pa mpope wa kukhitchini, wanu kapena wa mnansi.

Musati ndikuopseza. Anthu a ku Area 18 ku Lilongwe sadzaiwala chaka cha 2017 pamene zonyansa za m'suweji zinalowa m'paipi ya madzi akumwa nkutulukira m'mipope ya m'nyumba zawo. Sikanali kashawa kamene kanachititsa, koma phunziro lake ndi lomwelo, paipi ya madzi abwino ikapeza mpata imameza chilichonse. Ndipo dziko lino linataya anthu opitirira 1,700 ndi kolera imene inayamba mu March 2022 nkupitirira mpaka 2023, mliri woipitsitsa wa kolera m'mbiri yathu. Ku England malamulo a zamipope a 1999 amaika kashawa kofika m'chimbudzi m'gulu lachisanu, loopsa kwambiri pa onse, ndipo kumeneko saloleza kungokalumikiza ku paipi ya madzi akumwa mmene tachitiramu popanda chitetezo chapadera.

Ndiye titani ife? Ikani kavalavu kolola madzi kupita mbali imodzi yokha, kamene m'sitolo amati non-return valve, pakati pa T ndi paipi ya kashawa. Kali ndi muvi pambali, muviwo uloze kumene madzi akupita. Koma musakadalire kokha, chifukwa kamchenga kamodzi kakakhala pakamwa pake sikatsekanso bwino, ndipo madzi athu akabwera pambuyo posiya amabwera ndi dothi. Chitetezo chenicheni ndi khalidwe: kashawa kazikhala pokoleka pake nthawi zonse, chotsekera chotseka, ndipo musagule paipi yaitali mamita awiri yoti izigona pansi. Yaifupi ndiyo yabwino. Ndipo kashawaka si kodzazira ndowa.

MADZI OZIZIRA NDI MADZI OFOOKA

Funso limene amandifunsa kwambiri ndi la kuzizira. Zoona, mwezi wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu, 5 koloko m'mawa, madziwo akakukhudzani tulo tonse timathera pomwepo. Ena ndiye amaganiza zolumikiza ku paipi ya giza. Chonde musayerekeze. Madzi a m'giza amakhala pa madigiri 60 kapena kuposa, ndipo amayamba kutuluka ozizira kenaka mwadzidzidzi owira, pamalo pamene khungu lake ndi lanthete. Mwana kapena nkhalamba singathe kuthawa msanga. Ofuna ofunda agule valavu yosakaniza yokha madzi otentha ndi ozizira, ya thermostat, ndipo aimange pulambala wodziwa. Enafe tinazolowera, sabata imodzi yokha thupi limavomera.

Amene madzi anu amachokera m'thanki ya pamwamba, yembekezani kuti kashawa katulutsa mofooka. Mamita 10 a kutalika ndiwo amapereka mphamvu ya bar imodzi, choncho thanki yokwera mamita atatu pamwamba pa chimbudzi ikupatsani 0.3 basi. Amatsuka ndithu, koma mofatsa. Sankhani kashawa ka mabowo akuluakulu. Amene mphamvu ndi yambiri vuto lanu ndi losiyana: tsegulani chotsekera theka lokha, chifukwa cholinga ndi kutsuka, osati kuzimitsa moto. Kakayamba kutuluka mopotoka, masulani kamutu muchotse mchenga pa kasefa, ndipo ngati ndi madzi a pachitsime chobooleza oyeretsa mabowo ndi mchere, kanyikeni mu viniga usiku umodzi.

Za bilu musade nkhawa. Kutawasa kamodzi sikufika ngakhale lita imodzi kwa munthu wosaseweretsa, pamene kugejemula kamodzi kumataya malita 6 pa zimbudzi zatsopano ndi 9 pa zakale.

Kagwiritsidwe kake sindingachite kujambula chithunzi m'nyuzi ya banja. Ndingoti amayi ndi atsikana madzi aziyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti tizilombo tisapite ku njira ya mkodzo. Kamutu kasakhudze thupi, ndipo kazitsukidwa ndi jiki pamene mukutsuka chimbudzi. Poumitsa, tishu pang'ono akwana, kapena kathaulo, koma aliyense kake, osati kamodzi ka fuko lonse. Pomaliza sopo m'manja. Kashawa sikalowa m'malo mwa sopo.

Abale a chimbudzi chokumba, amene ndinu ochuluka m'dziko muno, sindinakuiwaleni. Inu musakokere paipi kumeneko. Mpope ukadontha kapena mwana akausiya wotsegula, dzenje limadzaza, makoma ake amafewa, ndipo nthawi ya dzinja tonse tamvapo za zimbudzi zotitimira ndi munthu. Kaketulo kapulasitiki kapena botolo la malita awiri loboola pachitsekero limagwira ntchito yomweyo ndi madzi ochepa.

Okhala nyumba za lendi, auzeni kaye alandilodi, makamaka ngati mita ndi imodzi ya mpanda wonse, chifukwa bilu ikakwera mwezi umenewo pa chifukwa china chilichonse, mlandu udzagwera kampope kanu. Musadule paipi, musaboole khoma, gwiritsani ntchito kokoleka kopachika pa kathanki. Tsiku losamuka tsekani valavu, masulani T, bwezerani fulekisi pamalo pake, kashawa m'chikwama. Ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo dipoziti yanu palibe chifukwa choti aidule.